Foni ya Lamlungu 3 Koloko

Mangalande
28 Seputembala 2025

Mwana wanga Mizeck,

Mwe uli kumeneko, muli bwino nonse? Mlongo wako Tawina chifuwa chija chinatha? Upereke moni kwa asibweni ako a Elias ndi akumpingo onse. Ine ndilipo, Mulungu akundisunga.

Pali zina zimene ndimalephera kunena pa foni. Ndiye ndalemba. Uwerenge uli wekha.

Agogo amene ndimawasamalira ndi munthu wabwino, kungoti amaiwala. Tsiku lina amanditchula dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Wovuta ndi mwana wawo wamwamuna. Amakhala m'nyumba momwemuno, ntchito amagwirira pa kompyuta, satuluka. Pasipoti ndi foni yanga anatenga tsiku limene ndinafika mu Epulo, akuti akundisungira. Ndikafunsa amamwetulira n'kunena kuti mapepala anga ali m'dzina lake, ndikangochoka pakhomo pano apolisi andikweza ndege. Sindikudziwa ngati n'zoona. Ndimatuluka pokagula mkaka basi, ndi pamene ndimaponya kalata. Zako ndimatola ndekha pachitseko m'mawa iye asanadzuke.

N'chifukwa chake ndimaimba Lamlungu lokha. Tsiku limenelo amatenga amayi ake kupita nawo kokadya. Amanyamuka 2 koloko, pakatha ola abwerako. Galimoto ikangotuluka ndimathamangira foni ya m'nyumba ndi khadi langa loimbira foni logula kusitolo. Nditangofika anandiphunzitsa kuti kwathu kuli patsogolo ndi ola limodzi, ndiye 2 koloko ya kuno ndi 3 koloko ya kwanu. Iwe usadzaimbe kuno ngakhale zitavuta bwanji.

Tsopano mvetsera. Pansi pa kalatayi ndalemba nambala ya mayi Susan a ku Bandawe, tinakhala pamodzi mu ndege ndipo anandilembera pakapepala. Amakhala mumzinda wina kuno ndipo akhalitsa. Ndikadzapanda kuimba Lamlungu katatu motsatizana, udzawaimbire, uwauze adiresi yanga, iwo akauze apolisi. Koma katatu, Mizeck, osati kamodzi kapena kawiri. Apolisi akadzafika pano ine ndili bwinobwino, ntchito yatha, ndibwera kumudzi chimanjamanja, ndipo sukulu yako ndi ya Tawina zithera pomwepo.

Asibweni ako usawauze. Ukuwadziwa mtima wawo, amayamba ndi kuthamanga, kuganiza pambuyo.

Ndine mayi ako,
Evelyn

*

Usisya
27 Okutobala 2025

Ama,

Timuoneni. Ife tili bwino. Tawina anachira, dzulo amathamangitsa nkhuku za eni ake. Kuno kwatentha kwambiri, mvula sinayambe.

Kalata yanu inafika Lachinayi pa boti la ku Nkhata Bay. Ndinaiwerengera kuseri kwa kalasi ya Fomu 3 anzanga atapita ku mpira. Ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinakhala pansi mpaka mlonda anandithamangitsa.

Ama, dzulo simunaimbe.

Ndikuuzeni mmene ndinachitira kuti musaganize kuti ndinachedwa. Titaweruka kutchalitchi ndinatenga foni ya asibweni n'kukwera ku mwala wa netiweki ngati masiku onse. Kunyanja kuno foni sigwirabe, munthu amayenera kudutsa minda yonse ya chinangwa mpaka pamwala paja. Ndinafika 2 koloko itangopitirira. Batire la foniyi linatupa, tinalimanga ndi mphira, ndipo likakhala pamwala limatha pakangopita theka la ola ndi mphindi zochepa. Ndiye ndinadikira ndi foni yozimitsa, ndikuyang'ana wotchi ya pamkono ya asibweni imene amandibwereka. Kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane 3 koloko ndinayatsa. Kamzere ka netiweki kanalipo kamodzi. Ndinaimirira, ndinakweza mkono, ndinasintha mkono. Mphindi 35 zitapitirira pa 3 koloko foni inazima yokha.

Kuyambira Epulo simunaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Kalata yanu ikanakhala kuti sinafike, ndikanangoti khadi latha. Koma inafika.

Nditatsika Tawina anandithamangira n'kufunsa kuti Ama ati chiyani. Ndinamuuza kuti mwati azisamba m'makutu. Anaseka n'kunena kuti Ama sasintha. Asibweni anali kukonza nyali za usipa, sanafunse kanthu.

Ndalemba kumapeto kwa kope langa la masamu kuti "kamodzi". Ndichita monga munanenera. Koma ngati kalata ino ikupezani muli bwino, mundiuze chimene chinachitika, ngakhale chikhale chaching'ono.

Mwana wanu,
Mizeck

*

Mangalande
27 Okutobala 2025

Mizeck,

Muli bwanji nonse? Ndikufunsa ndi mtima uli m'mwamba. Dzulo ndinaimba kasanu ndi kamodzi, ola lonse mpaka ndinamva galimoto pachipata. Ulendo uliwonse kamayi ka mu foni kamangoti nambala yomwe mwaimba sikupezeka.

Unali kuti? Ngati unapita kocheza ndi anzako sindikwiya, ndingakondwe kumva kuti tsopano uli ndi anzako. Koma ndikukudziwa, sungasiye mwala uja chifukwa cha macheza. Kapena asibweni ako ayamba kukutenga kunyanja? Ndinawauza ndisanachoke kuti nyanja inatenga bambo ako, yakhuta, isaonenso wina wa m'nyumba mwanga. Mwezi uno mphepo ya mpoto imabwera mosachenjeza. Kapena ndi Tawina, chifuwa chija chakula ndipo mwapita naye kuchipatala? Nambala zina zonse za kumudzi zili mu foni yanga imene ili m'kabati ya munthu uja. Ya asibweni ako yokha ndi imene ndinaloweza.

Dzulo linali tsiku loipa kuyambira m'mawa. Bamboyu anazungulira nyumba yonse n'kubweza mawotchi ndi ola limodzi, ya kukhitchini, ya pabalaza, ndi ya m'chipinda mwa agogo. Akuti ndi mwambo wawo kuzizira kukamayamba. Koma mimba ya agogo sidziwa mwambo. Anayamba kuitana chakudya nthawi yawo yakale, iye akuti ayi, tidikire wotchi. Agogo analira ngati mwana. Masana sanachedwe, 5 koloko isanakwane kunja kunali mdima wa bii.

Ndiimbanso Lamlungu 2 koloko, 3 koloko ya kwanu. Chonde ukhalepo.

Mayi ako,
Evelyn

*

Usisya
3 Novembala 2025

Ama,

Moni. Tonse tili moyo. Sindikudziwa ngati ndikulembera munthu amene awerenge, koma boti likunyamuka mawa ndiye ndalemba.

Dzulonso foni sinalire. Ndinatchajitsa batire mpaka kudzaza, ndinayatsa nthawi yomweija, linatha nthawi yomweija. Ndalemba "kawiri".

Asibweni adziwa. Tawina ndiye anaulula mosadziwa. Anawauza kuti Ama masiku ano akungonena za m'makutu zokhazokha, ndipo iwo anandiyang'ana nthawi yaitali. Lero ndili kusukulu anasanthula mabuku anga n'kupeza kalata yanu. Nditabwera ndinawapeza atakhala pakhonde, kalata ili pabondo.

"Nambala ili kuti?" anatero. "Pansi apa pang'ambidwa."

Ndinawauza zoona, kuti ndinaing'amba tsiku lomwe inafika, ndinailoweza, kapepalako n'kukaponya pamoto.

"Tchula."

"Ama anati katatu."

"Ama anati, Ama anati! Iweyo unabadwa liti? Evelyn ndinamubereka kumsana ine, iwe kulibe. Munthu amulanda pasipoti, amutsekera m'nyumba, masabata awiri zii, iwe uli phee kuwerenga ngati ukuwerenga mazira a nkhuku?"

Ndinati tikaimba apolisi apita, ndipo ngati muli bwino ntchito yatha.

"Ntchito! Mwana wa a Misheck wa ku Ruarwe uja anapitanso kukagwira ntchito kunja. Anabwera bwanji? Sunanyamule nawo bokosi pa jeti iwe? Sukulu yakoyo ndi yokoma kuposa amako?"

Mawu amenewo, Ama, sakundichoka. Mwina n'zoona. Mwina ndikudikira chifukwa ndikuopa kusiya sukulu, ndiye ndikubisala kumbuyo kwa mawu anu. Ndadzifunsa ndipo sindikupeza yankho. M'kalasi aphunzitsi akamalemba pabolodi ine ndimaona nyumba imene sindinaionepo, ili ndi masitepe, inu muli pansi pa masitepewo. Tsiku lina ndimaona kuti anakupezani foni ili m'manja. Nambala ija ndimaitchula mumtima popita ndi pobwera kuti ndisaiwale, ndipo nthawi zina ndimaopa kuti ndasinthanitsa manambala awiri apakati.

Asibweni sanandimenye. Anangoti Lamlungu tikwera limodzi, 3 koloko ikangodutsa ndidzatchula nambalayo ndili pamaso pawo. Ndavomera. Chiyambire nthawi imeneyo sakundiyankhula. Akafuna madzi amatuma Tawina ngakhale ine ndili pafupi ndi ndowa.

Ngati muli moyo, imbani.

Mizeck

*

Mangalande
3 Novembala 2025

Mwana wanga,

Kaya kalata ino ikupeza ndani. Ngati ndi inu achimwene a Elias mukuwerenga, ndiuzeni zoona, musandibisire ngati mmene tinawabisira amayi za imfa ya bambo a ana awa mpaka tsiku la maliro.

Dzulo ndinaimba kasanu ndi kanayi. Sikupezeka, sikupezeka. Foni ikanakhala kuti yawonongeka mukanabwereka ina n'kuikamo simu. Mizeck akanakhala bwino akanakwera phiri lija ngakhale ndi mwendo umodzi.

Lero ndinawathira agogo mchere mu tiyi. Anamwa osadandaula, n'kundigwira dzanja, akuti mchemwali wanga ukulira chiyani.

Ndaganiza. Chikwama changa ndalongedza, chili kunsi kwa bedi. Lamlungu likubwerali ndikaimba osayankhidwa, Lolemba m'mawa ndituluka ngati ndikukagula mkaka ndipo sindibwerera. Ndikadzipereka ndekha kupolisi kuti andikweze ndege imene bamboyu amandiopseza nayo. Ndikudziwa kuti ndikatero zonse zimene ndinadzera kuno zapita m'madzi. Koma sindingakhale ndikupukuta pakamwa pa mayi wa mwini ndisakudziwa ngati ana anga ali pamwamba pa nthaka kapena pansi.

Evelyn

*

Usisya
10 Novembala 2025

Ama,

Timuoneni, tsopano ndikulemba ndikudziwa kuti muwerenga. Pa foni sindinathe kufotokoza bwino chifukwa asibweni anadya mphindi zambiri. Ndiye ndiyambe pa Loweruka.

Ndinapita kwa a Steve kukatchajitsa foni. Ndi aja ali ndi sola ndi dishi, amene amaonetsa mpira wa ku Mangalande m'chisakasa pamsika. Masiku onse ndimapita m'mawa kulibe anthu, koma tsiku limenelo tinali ndi makalasi owonjezera, ndiye ndinafika cha m'ma 4 koloko. Ndinapeza bambo wina wa kumtunda akukalipa pakhomo.

"Steve, ndatsika phiri lonse lija kudzaonera mpira wa 4 koloko. Uli kuti? Dishi yako yadya chinangwa chowawa?"

"Akulu, khalani pa benchi mupume. Mpira ndi 5 koloko."

"Chiyambire liti? Mwezi watha ndinaonera pompano 4 koloko."

"Mwezi watha ndi mwezi watha. Azungu abweza wotchi. Chaka chilichonse ndimakuuzani, chaka chilichonse mumabwera kudzandilalatira. Kwawoko kukayamba kuzizira amabweza ola limodzi, mu Malichi amalibwezeretsa. Iwo akusewerabe 3 koloko yawo, odikira ndi ife."

"Anthu osowa chochita. Dzuwa analenga ndi iwo?"

Anthu anaseka. Ine ndinali nditagwira chaja, koma sindinaseke nawo. Ndinawafunsa a Steve kuti anabweza liti.

"Lamlungu lomaliza la Okutobala. Bwanji, Mizeck, nawenso wayamba kubetcha? Ndikawauza asibweni ako."

Lamlungu lomaliza la Okutobala ndi pa 26, tsiku limene munayamba kusowa. Ndinakhala kuseri kwa chisakasa n'kuwerengera pamchenga. Ngati 3 koloko yawo yasanduka 5 koloko yathu, ndiye 2 koloko yanu ndi 4 koloko. Masabata awiri onsewa munkaimba ine nditatsika kale, foni yakufa ili m'thumba.

Koma sindinasangalale, Ama, chifukwa batire ndi limodzi. Ndikayatsa 3 koloko ngati kale, pofika 4 koloko latha. Ndikasunga mpaka 4 koloko, ndiye kuti 3 koloko foni ikhala yozima, ndipo ngati a Steve alakwitsa, kapena ngati inu munadziwa za wotchizo n'kupeza njira yoimbira nthawi yakale, mudzapeza palibe munthu. Ndinayesa kubwereka foni ina. A Steve anati yawo ndi ya bizinesi, ndipo aphunzitsi amene ndikanawapempha anapita ku Mzuzu.

Dzulo tinakwera ndi asibweni. Iwo patsogolo, ine pambuyo. Titafika ndinawafotokozera.

"Za mpira? Mlongo wanga ali m'manja mwa chigawenga, iwe ukundiuza za mpira wa Steve?"

Wotchi yawo itakwana 3 koloko anati ndiyatse. Ndinakana. Anatambasula dzanja, ine ndinaika foni pamwala n'kuikhalira. Sindinawachitirepo mwano chibadwire, Ama, mundikhululukire. Anaimirira pamwamba panga, ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo. Ndinawauza kuti akandilanda foni, nambala sinditchula ngakhale andiponye kuphompho.

"Akakhala kuti akuimba pompano," anatero, "ndipo kenako osadzaimbanso, udzakhala nazo wekha mpaka imvi."

Anakakhala patali, atandifulatira. Ola limenelo sindidzaliiwala. Ndinkamva ngati foni ikulira pansi panga chonsecho ndi yozima. Nyerere zinandikwera m'miyendo koma sindinasunthe. Kumpoto kunayamba kuchita mitambo, ndipo ndinaopa kuti mphepo ikabwera kamzere kaja kathawa.

Kutatsala mphindi zisanu ndinayatsa. 4 koloko inakwana. Zii. Mphindi zisanu. Mphindi khumi. Asibweni anabwera n'kutenga foni m'manja mwanga, ndipo ulendo uno sindinalimbane nawo.

"Mpira wako watha," anatero. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. "Tchula."

Ndinayamba kutchula, iwo akudina. Ndinali nditafika pa nambala yachisanu ndi chiwiri pamene foni inalira m'manja mwawo. Anadzidzimuka mpaka inatsala pang'ono kugwa. Zotsatira munazimva nokha, mmene anakuwira kuti "Iwe Evelyn! Iwe Evelyn, ukufuna kutipha?" Chimene simunaone n'chakuti ankakuwa misozi ikutsikira m'ndevu.

Potsika sanandipepese ndipo inenso sindinawapepese. Titafika pamunda wa chinangwa anaima n'kunena kuti, "Mu Malichi udzandikumbutse." Madzulo anandituma madzi.

Koma Ama, pali chimene ndinamva. Mu mphindi zitatu zimene ndinayankhula nanu munanena kuti "ndili bwino" kanayi, ine ndisanafunse. Ndipo munati munachedwa kuimba chifukwa bamboyo anabwerera pachipata kudzaona ngati watseka kabati. Kabati yake iti? Ndaphimba mawu aja m'kope la masamu ndi inki, koma nambala ndikuisungabe m'mutu.

Mwana wanu,
Mizeck

*

Mangalande
10 Novembala 2025

Mizeck, mwana wanga,

Moni kwa nonse. Tawina umuuze kuti za m'makutu zimene unandiuza pa foni ndanenadi tsopano.

Makalata awiri amene ndinalemba masabata apitawa akafika, usaope zimene zili m'menemo, ndipo asibweni ako asaone. Ndinalemba ndili ngati wamisala. Wotchi zija anabweza ine ndikuona ndi maso angawa, ndinadandaula za chakudya cha agogo, koma sizinandifikire m'mutu kuti kwathu palibe amene wakhudza wotchi. Ndinkangowonjezera ola limodzi monga anandiphunzitsira. Ukanayatsa foni ija 3 koloko, lero m'mawa ndikanakhala ndili kupolisi ndi chikwama changa.

Foni yanu itazima ndinakhala pansi pakhonde la m'kati, chomvera chili m'manja. Ndinaganiza za iwe utakhalira foni pamwala monga anandiuzira asibweni ako, ndi mkulu ngati achimwene akukuwa ndi mawu olira pamaso pa mwana. Ola limodzi lokha lasuntha, ndipo tonse tinatsala pang'ono kugwetsa nyumba, chifukwa ndilibe foni yangayanga yoti ndilembe mawu awiri. Ndinakusenzetsa katundu amene si wa msinkhu wako. Ndinati iwe ndiye udzaweruze tsiku limene amako afunika kupulumutsidwa, ine mwini ndili chete.

Pa wotchi panali patatsala mphindi khumi ndi ziwiri galimoto isanabwere. Ndinawaimbira ndekha mayi Susan.

Ndinawauza zonse, za pasipoti, za foni, za kabati. Anati zimene amandiuza bamboyu si zonse zili zoona, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi kuthandiza antchito ngati ine. Sanandilonjeze kuti ntchito ipulumuka. Sindikudziwa mmene zithere, ndipo ndikamaganiza za agogo, kuti adzawatchula ndani dzina la mchemwali wawo, mtima ukundiwawa. Mantha ndili nawo, sindikunamiza.

Akubwera Lamlungu pa 23, ndipo kalata ino ikachedwa ndikuuza pa foni Lamlungu likubwerali. Afika galimoto ikangotuluka, 2 koloko ya kuno, 4 koloko ya kwanu. Tsiku limenelo ukakwere ndi asibweni ako. Ikalira nambala yachilendo, uyankhe.

Mayi ako,
Evelyn